Mliri unatha, nanga bwanji mitengo ya zinthu ikukwerabe?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, amene ali ndi golosale komanso amalima soya ndi mtedza. Iwo alemba kuti: "Nthawi ya Covid-19 tinkauzidwa kuti zinthu zavuta chifukwa cha mliri. Mliriwo unatha, koma ulendo uliwonse ndikapita kukaoda katundu ku Lilongwe ndimapeza mitengo yasintha. Ena akuti ndi nkhondo ya ku Ukraine, ena akuti ndi ndalama ya K5,000, ena akuti ndi dyera la ife amalonda. Chenicheni n'chiyani, ndipo kodi mitengo idzatsikanso?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Zimene mukuona pa mashelefu a golosale yanu zikugwirizana ndi zimene ofesi yoona za kalembera ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikulengeza mwezi ndi mwezi. M'chaka cha 2020 ndi cha 2021, mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi mlingo wosafika 10 peresenti pachaka. Mu 2022 mlingowo unadutsa 20 peresenti, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 unali utapyola 30 peresenti. Manambala amenewa amaoneka ozizira papepala, koma tanthauzo lake ndi lakuti mitengo ikamakwera ndi 26 peresenti chaka chilichonse, pakutha pa zaka zitatu zokha chinthu chimene munkagula K1,000 chimakhala chili pa K2,000.

Muone kuti m'miyezi imene mliri unali pachimake, kuyambira pa 2 April 2020 pamene anthu oyamba anapezeka ndi matendawa m'dziko muno, mitengo sinathamange kwenikweni. Inayamba kuthamanga mliri ukuzilala, ndipo inafika poipitsitsa bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization litalengeza kale, mu May 2023, kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Kuchedwa kumeneku kuli ndi chifukwa chake, ndipo ndi pamene ndiyambire.

Mu 2020 dziko lapansi linasiya kugula mwadzidzidzi. Ndege zinaima, mafakitale anatsekedwa, ndipo mafuta a galimoto anasowa wowagula, moti pa 20 April chaka chimenecho mtengo wa mafuta osayenga pamsika wina wa ku America unatsika mpaka pansi pa ziro, kutanthauza kuti mwini mafuta ankalipira munthu woti amuchotsere chifukwa analibe powasunga. Mayiko okumba mafuta anagwirizana kuchepetsa ntchito yawo ndi migolo pafupifupi 10 miliyoni patsiku. Eni sitima zapamadzi anachepetsa maulendo, ndipo makampani ambiri anachotsa antchito. Vuto ndi lakuti kutseka n'kwa tsiku limodzi, koma kutsegulanso kumatenga miyezi. Inu a ku Mchinji mukudziwa kuti mlimi amene sanafese nazale ya fodya m'nyengo yake sangawokere mu December, ngakhale atamva kuti mitengo ku okushoni ya ku Chinkhoma chaka chimenecho ikhala yabwino. Chitsime cha mafuta, mgodi kapena fakitale ya feteleza nazonso zili ndi nazale yake, ndipo zikadumphitsa nyengo, katundu amadzasowa patsogolo.

Pamene opanga katundu anali atabwerera m'mbuyo chomwecho, maboma a mayiko olemera anathira ndalama zambiri m'matumba a anthu awo kuti asafe ndi njala ali m'nyumba. Dziko la America lokha linavomereza madola pafupifupi 2.2 thililiyoni mu March 2020, kenako madola ena 1.9 thililiyoni mu March 2021, ndipo mabanki aakulu a kumeneko anatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupi ndi ziro. Sindikunena kuti analakwa kuthandiza anthu awo, chifukwa popanda thandizolo mavuto akanakula koposa. Koma anthu amene anali ndi ndalama m'manja, pamene sankatha kupita kokayenda kapena kokadya, anayamba kuitanitsa katundu: mipando, makompyuta, njinga, zipangizo zokonzera nyumba. Ogula anabwerera pamsika mwaliwiro kuposa ogulitsa. Zimenezi mumaziona pa msika wa Kamwendo tsiku limene mavenda afika khumi ndi masikelo awo pamene alimi obweretsa soya ndi atatu okha. Palibe amene amalamula kuti mtengo ukwere, umakwera wokha chifukwa aliyense akufuna kudzaza galimoto yake.

Kulimbirana kumeneku kunaonekera kwambiri pa mayendedwe a panyanja. Kontena yaikulu imene mliri usanabwere inkanyamulidwa ndi madola osafika 2,000 inafika pa madola opitirira 10,000 mu September 2021, ndipo mu March chaka chomwecho sitima imodzi yaikulu, Ever Given, inapingasa mu ngalande ya Suez kwa masiku 6, sitima mazanamazana n'kuima pamzere. Dziko ngati lathu, lopanda doko, limalipira kawiri: koyamba panyanja mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kachiwiri pamsewu kapena panjanji kuchokera kumeneko mpaka ku Kanengo. Paketi ya sopo waufa kapena mpukutu wa waya umene uli m'golosale mwanu wasenza mitengo ya maulendo onsewa usanafike pa msewu wa M12.

Pa feteleza ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mavuto a kunja amalowera mpaka mu mphika wa nsima. Feteleza wa Urea amapangidwa kuchokera ku gasi wachilengedwe. Chakumapeto kwa 2021 mtengo wa gasi unakwera kwambiri ku Ulaya, mafakitale ena a feteleza anachepetsa ntchito kapena kutseka kumene, ndipo dziko la China linayamba kuletsa kutumiza kunja feteleza wambiri pofuna kuteteza alimi ake. Choncho mtengo wa feteleza unali utakwera kale nkhondo isanayambe. Pamene Russia inalowa m'dziko la Ukraine pa 24 February 2022, inaponda pabala. Russia ndi limodzi mwa mayiko otumiza kunja feteleza, mafuta a galimoto ndi gasi wochuluka, ndipo pamodzi ndi Ukraine amagulitsa gawo lalikulu la tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa a dziko lapansi. Mu March 2022 bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO linaona mitengo ya zakudya ikufika pamlingo umene linali lisanauonepo, ndipo mwezi wotsatira Indonesia inaimitsa kwa milungu ingapo kutumiza kunja mafuta a kanjedza. Mayi amene amakazinga mandasi pafupi ndi golosale yanu anakumana ndi zonsezi nthawi imodzi, mu ufa wa tirigu ndi m'botolo la mafuta ophikira, ndipo n'chifukwa chake mandasi anayamba kuchepa thupi mtengo wake usanasinthe.

Ngakhale feteleza wotsika mtengo wa boma akusonyeza nkhani yomweyi. Pulogalamu ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankalipira K4,495 pa thumba la makilogalamu 50. Chaka chotsatira analipira K7,500, ndipo mu 2022 ndalamayo inafika pa K15,000, kwinaku chiwerengero cha opindula chikuchepetsedwa. Kuipa kwa feteleza wodula n'kwakuti samapweteka tsiku logula lokha. Mlimi amene ankathira matumba anayi akathira awiri, zokolola zimachepa mu May, nkhokwe imatha mu November, ndipo mtengo wa chimanga umadzakwera mu January ndi February. Mtengo wa gasi wa ku Ulaya wa chaka chino umasanduka mtengo wa ndowa ya chimanga ya chaka chamawa.

Mpaka pano ndafotokoza zimene zinagwera dziko lonse lapansi, ndipo amene anakuuzani za mliri ndi za nkhondo sananame. Koma yankho likathera pamenepa likhala loperewera, chifukwa kwa anzathu ambiri moto umenewu unazilala. Ku America kukwera kwa mitengo kunafika pa 9.1 peresenti mu June 2022, koma patatha chaka chimodzi kunali pafupifupi 3 peresenti. Ku Britain kunafika pa 11.1 peresenti mu October 2022, kenako kunatsika. Mitengo yonyamulira makontena inabwerera pansi mu 2023. Ife m'nthawi yomweyo tinali tikukwera phiri.

Chitsanzo chimene chimandithandiza kwambiri chili pafupi ndi kwanu, kungodutsa chipata cha Mwami. Zambia nayo ilibe doko, nayo imagula mafuta ndi feteleza kunja, ndipo mliri unaikhudza kwambiri moti mu November 2020 inalephera kubweza ngongole zake zina zakunja. Pakati pa 2021 mitengo kumeneko inkakwera ndi mlingo wopitirira 24 peresenti. Koma pofika mu June 2022, nkhondo ya ku Ukraine ili mkati, mlingowo unatsika kufika pansi pa 10 peresenti. Chimene chinasintha chinali mphamvu ya kwacha yawo, imene inalimba chifukwa mkuwa unkagulidwa pamtengo wabwino komanso chifukwa obwereketsa ndalama anayambanso kulikhulupirira dzikolo chisankho cha August 2021 chitachitika. Pambuyo pake nawo anavutikanso, makamaka ndi chilala cha 2024, koma chaka chimodzi chimenecho chikutiphunzitsa kuti nkhondo imodzi, mliri umodzi, zingathe kupereka zotsatira zosiyana ku Chipata ndi ku Mchinji. Kusiyanako kumachokera m'kati mwa chuma cha dziko lililonse, ndipo kwa ife gwero lalikulu ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama zochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene limagulitsa. Kusiyana kumeneku kunalipo kale mliri usanabwere, ndipo kunkakwiriridwa ndi thandizo la mayiko ena, ngongole, komanso ndalama zimene abale athu ogwira ntchito ku South Africa ndi kwina amatumiza. Fodya, amene amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zochokera ku malonda, amagulitsidwa kwa miyezi yochepa kuyambira cha mu April, pamene mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi zipangizo za m'mafakitale zimafunika miyezi yonse 12. Mliri utafika, alendo odzaona nyanja ndi nkhalango anasiya kubwera, ndipo ambiri mwa abale athu a ku Johannesburg anabwerera pa mabasi kudzera ku Mwanza ali chimanjamanja. Kenako mu 2021 ndi 2022 mafuta ndi feteleza omwewo anayamba kufuna madola ochuluka kuposa kale. Madola olowa anachepa, otuluka anachuluka. Kwa kanthawi, Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inayesa kugwiriziza kwacha pogulitsa madola amene inasunga ndi ena amene inabwereka ku mabanki monga Afreximbank pa chiwongoladzanja chokwera, koma nkhokwe yotapamo osathiramo imatha. Pamwamba pa izi, banki yaikulu ya ku America inayamba kukweza chiwongoladzanja mu March 2022, kuchoka pafupi ndi ziro kufika popitirira 5 peresenti mu 2023, ndipo dola inalimba pamaso pa ndalama za mayiko ambiri osauka.

Mapeto ake munawaona. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze katoni ya katundu imene kunja imagulidwa madola 10. Lachitatu inali ya K11,800, Lachisanu inali ya K17,000, pamene kunjako mtengo wake sunasinthe ngakhale pang'ono, ndipo apa sitinawerengere msonkho ndi thiransipoti, zimene nazonso zimatsatira dola. M'mwezi womwewo bungwe loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, pamene mu 2020 anali pansi pa K1,000.

Pali china chimene manambala a boma sachionetsa bwino. Mwini holoselo amene mumaodako sawerengera mtengo wa dola umene walembedwa pa bolodi la ku banki, koma mtengo umene iye anaipezera dolayo. Akadikira miyezi itatu ku banki osapatsidwa, amakagula kwa osintha ndalama a mumsewu pamtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo umenewo ndi umene umalowa mu katoni yanu. N'chifukwa chake mumapeza mitengo yasintha ngakhale m'miyezi imene wailesi sinalengeze kuti kwacha yagwa. Mafuta a galimoto nawo ali chimodzimodzi. Mtengo wa pa pampu ukhoza kukhala wosasintha kwa chaka chathunthu, koma ngati dalaivala wa lole wagona masiku awiri pamzere, kapena wagula dizilo wa m'zigubu pamtengo wowirikiza, ndalama imeneyo adzaitenga kwa inu, ndipo wa kabaza wa njinga yamoto amene amakunyamulirani katundu kuchoka pa siteji adzachitanso chimodzimodzi.

Tsopano za ndalama ya K5,000, imene inayamba kugwira ntchito mu February 2022. Pepala lalikulu silikweza mitengo palokha. Limasindikizidwa chifukwa mitengo yakwera kale ndipo anthu atopa kunyamula mitolo ya mapepala ang'onoang'ono. Komabe amene amaikayikira ndalamayi akuloza chinthu choona, ngakhale akuloza ndi chala cholakwika. Chofunika si kukula kwa pepala, koma kuchuluka kwa makwacha onse amene akuzungulira poyerekeza ndi katundu amene alipo. Nthawi ya mliri misonkho inachepa chifukwa malonda anaima, pamene boma linafunika kuwononga zambiri pa zipatala ndi pa thandizo la anthu. Pambuyo pake panabwera ndalama za feteleza, za anamondwe, za chimanga chogawa, ndi chiwongoladzanja cha ngongole zakale. Boma likamawononga zoposa zimene latolera chaka ndi chaka, limabwereka ku mabanki a m'dziko momwemo, ndipo likafika pobwereka ku Banki Yaikulu, ndiye kuti makwacha atsopano alowa pamsika popanda thumba limodzi la chimanga lowonjezereka. Makwacha amenewo amathamangira katundu yemweyo ndi madola omwewo ochepa aja.

Pofuna kuletsa zimenezi, Banki Yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 12 peresenti, pamene chinali kuyambira kumapeto kwa 2020, kufika pa 14, kenako 18 mu 2022, 22 ndi 24 mu 2023, mpaka 26 peresenti mu February 2024. Cholinga chake n'chakuti ngongole ikadula, anthu abwereke pang'ono, agule pang'ono, mitengo ipume. Maganizo anga ndi akuti mankhwala amenewa amagwira bwino ntchito m'mayiko amene anthu ambiri amagula nyumba ndi galimoto pa ngongole ya ku banki. Kwathu kuno, kumene ambiri amadalira banki mkhonde, ndipo wobwereka wamkulu ndi boma lomwelo, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo chiwongoladzanja sichigwetsa mvula kapena kubereka dola. Sindikuti n'chopanda ntchito, chifukwa chikanasiyidwa pansi anthu akanathawa kwacha mwamsanga koposa. Koma chimabweretsa vuto lina limene limandidetsa nkhawa: mabanki amaona kuti kubwereketsa boma n'kopindulitsa ndiponso kopanda chiopsezo, ndiye munthu wofuna kugula makina oyengera mafuta a soya kapena a mpendadzuwa ku Mchinji, amene akanatithandiza kuchepetsa zogula kunja, amabwezedwa pakhomo kapena kupatsidwa ngongole imene sangaikwanitse.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo zigayo, mashopu owotcherera zitsulo ndi mafakitale zinayamba kudalira majenereta a dizilo wodula uja. Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola minda, misewu ndi miyoyo ya anthu m'chigawo cha kummwera. Mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Pa kawerengedwe ka kukwera kwa mitengo m'dziko muno, chakudya chimatenga pafupifupi theka la zonse zimene banja limagula, choncho chimanga chikakwera, nambala yonse imakwera nacho. Mwina munganene kuti ku Mchinji ndi ku Kasungu zaka zina munakolola bwino. Zoona, koma malole ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amabwera kudzatenga chimangacho, ndipo mtengo wa pa Kamwendo umayamba kutsatira njala ya ku Nsanje ndi ku Phalombe. Kwa mlimi amene ali nacho chogulitsa, zimenezi n'zabwino; kwa waganyu, mphunzitsi ndi mlimi amene anagulitsa chonse mu May, ndi tsoka.

Nanga dyera la amalonda? Pano ndiyankha mosamala chifukwa inu muli m'gulu limene likunenedwa. Tiyerekeze kuti mwaoda katoni ya sopo pa K40,000 ndipo mwaigulitsa yonse n'kupeza K44,000. M'buku mwanu mwalemba phindu la K4,000. Mukabwerera ku holoselo mwapeza katoni yomweyo ili pa K48,000. Ndiye kuti simunapindule, mwadya mpamba, chifukwa ndalama imene muli nayo singagulenso katoni imene munali nayo mwezi wathawo. Wamalonda amene wapsa kawiri motere amayamba kuika mtengo poganizira za mawa osati za dzulo, ndipo mwini nyumba ya lendi, telala, mmisiri womanga ndi waganyu wopalira onse amachita chimodzimodzi. Apa ndi pamene kukwera kwa mitengo kumayamba kudzidyetsa kokha: zinthu zimakwera chifukwa aliyense akuyembekezera kuti zikwera. Limeneli si dyera, ndi mantha a munthu amene akuteteza mpamba wake.

Dyera lenileni liliponso, ndipo sindilibisa. Kumene katundu amapangidwa kapena kuitanitsidwa ndi makampani owerengeka, n'kosavuta kukweza mtengo mopyola mmene dola yakwerera, kapena kubisa katundu m'nyumba zosungiramo podikira kuti mtengo usinthe, ndipo nthawi ya chisokonezo wogula sangathe kusiyanitsa kukwera koyenera ndi kongopezerapo mwayi. Ntchito yofufuza zimenezi ndi ya bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo ndimafuna litamaoneka kwambiri m'maboma a kumidzi. Koma dyera linalipo mu 2019, pamene mitengo inkakwera pang'onopang'ono. Chimene chinasintha ndi kusowa kwa katundu ndi kwa madola, kumene kunapatsa adyerawo mpata. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti kulamula mitengo kungathetse vutoli, makamaka m'boma la m'malire ngati lanu. Shuga kapena simenti akaikidwa pamtengo wotsika kuposa wa ku Chipata, amasowa m'mashelefu a ku Mchinji n'kuwolokera tsidya linalo usiku panjinga.

Funso lanu lomaliza ndi limene yankho lake limawawa. Mukadzamva pa wailesi kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, sizikutanthauza kuti mitengo yatsika. Chinthu cha K1,000 chikakwera ndi 30 peresenti chimafika pa K1,300. Chaka chotsatira mlingo ukatsika kufika pa 20 peresenti, chinthucho chimafika pa K1,560. Liwiro lachepa, koma ulendo ukupitabe kutsogolo. Chimanga, tomato ndi nyemba zimatsika nthawi yokolola, ndipo chaka cha mvula yabwino zingatsike kwambiri, koma sopo, malata, feteleza ndi mankhwala sizidzabwerera pa mitengo ya 2019, chifukwa kwacha ya 2019 kulibenso. Ngakhale ku America ndi ku Britain mitengo sinabwerere pakale, inangosiya kuthamanga. Chimene chimapepukitsa anthu ndi chakuti mitengo iime nthawi yokwanira kuti malipiro ndi mitengo ya zokolola ziipeze. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anachoka pa K50,000 pamwezi mu 2021 kufika pa K90,000 mu 2024, koma m'zaka zomwezo mitengo inawirikiza pafupifupi kawiri, ndiye wantchitoyo anatsalirabe m'mbuyo.

Kwa inu monga mlimi, muyeso woona si kuchuluka kwa makwacha amene venda wakuwerengerani, koma kuti mwagulitsa matumba angati a soya kapena a mtedza kuti mugule thumba limodzi la feteleza, kapena kuti mulipire fizi ya teremu imodzi. Lembani nambala imeneyo chaka chilichonse m'buku lomwe mumalembamo za golosale. Ikamakula, mukusauka ngakhale ndalama za m'manja zikuoneka zambiri. Pa golosale, ikani mitengo motsatira zimene mudzalipire pokaodanso, ndipo musanasinthe zolemba pa shelefu imbani foni ku holoselo. Ngongole za makasitomala zikhale za masiku ochepa, chifukwa K10,000 yobwezedwa patatha miyezi inayi sigulanso zimene inkagula. Ndalama za zokolola zisagone nthawi yaitali m'nyumba; ngati mukudziwa kuti mudzafuna mbewu, feteleza kapena malata, kugula msanga kumaposa kusunga mapepala. Ngati muli ndi posunga pabwino, gulitsani soya wanu m'magawo m'malo mothira yense pa sikelo mu April, ndipo kugulitsa pamodzi ndi anzanu a m'kalabu kapena m'kopaletivi kumakupatsani mawu pa mtengo. Katapila mupeweni ndithu, chifukwa chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa mitengo. Kumunda, kasinthasintha wa chimanga ndi soya kapena mtedza, pamodzi ndi manyowa ndi feteleza wa Mbeya amene alangizi amaphunzitsa, amachepetsa gawo la ulimi wanu limene limadalira dola.

Zimene zingaimitse mitengo m'dziko lonse sizili m'manja mwanu: boma kuchepetsa kubwereka, dziko kugulitsa kunja zinthu zambiri kuposa fodya, ulimi wamthirira kukula kuti chaka chimodzi cha ng'amba chisamagwedeze dziko lonse. Koma mungathe kudziwa nokha ngati zinthu zayamba kusintha musanamve chilengezo chilichonse. Funsani osintha ndalama a pa chipata cha Mwami mtengo wa dola ndi wa kwacha ya Zambia, muyerekeze ndi wa ku banki. Mitengo iwiriyo ikamayandikana, ndiye kuti madola ayamba kupezeka. Onani ngati pa malo omwetsera mafuta pa Boma papita miyezi itatu popanda mzere. Ndipo mu February, mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, funsani mtengo wa ndowa ya chimanga pa Kamwendo, muuyerekeze ndi umene munalemba mu February wa chaka chatha.